Dyna Yemwe Ankamuyesa wa ku Chipata

Dyna Jobson anabadwira ku Mlonyeni, m'banja la alimi a fodya. Sukulu anailekezera folomu 3, n'kupita kukakhala ndi azakhali ake pa Kamwendo, komwe ankakazinga tchipisi pafupi ndi siteji ya maminibasi. Kurapa, kuimba nyimbo za rap, anayambira pachiwaya pomwepo. Ankatola mawu a makondakitala, a anyamata a kabaza ndi a amalonda ochokera ku boda, n'kumawalumikiza mothamanga uku akutembenuza mbatata.

Lovemore, wometa tsitsi yemwe anali ndi kompyuta ndi maikolofoni kuseri kwa shopu yake, anamujambula nyimbo imodzi, "Sikelo Yabodza", yodzudzula mavenda obera alimi pogula chimanga. Anaiika m'mafoni a madalaivala a mathiraki, koma anaiwala kulembapo dzina la woimba.

Patatha miyezi inayi, Dyna anamva mawu ake akutuluka m'thiraki imene inaima pamsewu.

"Achimwene, nyimboyo mwaitenga kuti?" anafunsa.

"Ku Chipata. Ndi mtsikana wa konko, akuti Maggie."

"Koma ndinaimba ndine."

Dalaivalayo anaseka, anagula tchipisi, n'kumapita.

Posakhalitsa wailesi ina ya ku Lilongwe inayamba kuiulutsa ngati nyimbo ya ku Zambia, woulutsa mawu n'kumati oimba a kuno aphunzirepo. Dyna anaimba foni kuti afotokoze, anamudula asanamalize. Atapita kumudzi anapeza bambo ake, omwe ankadana ndi zorapa, akuing'ung'udza m'chigafa posankha fodya.

"Ababa, nyimbo imeneyo ndi yanga."

"Usanamizire zinthu za eni, mwanawe," anatero osatukula mutu.

Dyna sanadziwe ngati akondwe kapena alire. Nyimbo yake inali paliponse, koma iye sankadziwika. Tsiku la msika anapempha Lovemore kuti amujambule kanema akuirapa pachiwaya, n'kuonjezera ndime yotchula midzi ya kwawo. Kanemayo anafalikira pa WhatsApp, ndipo ambiri anamuyamikira kuti amatha kutsanzira Maggie.

Amene anakhulupirira kuti nyimboyo ndi ya Dyna anali mayi Esitele Zulu, okonza zoimbaimba ku Chipata. Anafika okha pa Kamwendo.

"Ndafunafuna Maggie m'tauni monse, palibe anamuonapo," anatero. "Tarapani ndimve."

Dyna anarapa. Mayiwo anamutenga Loweruka la sabata yomweyo kuti akaimbe ku Chipata. Atawoloka boda anapeza zikwangwani zonse zalembedwa Maggie.

"Amayi, dzina langa si limeneli."

"Anthu akudikira Maggie. Mukakonza muli pansanja."

Pansanja ananenadi katatu kuti iye ndi Dyna wa ku Mchinji. Anthu anaombera m'manja n'kupitiriza kukuwa kuti Maggie. Anaimba mpaka mawu anasasa, ndipo anaitanidwanso ku Katete.

Lero Dyna ali ndi nyimbo khumi ndi ziwiri. Alibe kampani, amajambulabe kwa Lovemore, ndipo chiwaya anasiyira azakhali ake. Ku Lilongwe amaimba ngati Dyna, ku Zambia ngati Maggie. Mtolankhani wina anamufunsapo ngati awiriwa ali pa mkangano. Lovemore akumuumiriza kuti asankhe dzina limodzi chimbale chisanatuluke mwezi wamawa. Chikuto chakonzedwa kale, chithunzi chilipo, koma pamwamba pake sipanalembedwe kanthu.