Misi Iwiri Mumtondo Umodzi

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 6, pamene ndinkaganiza kuti wodziwa ng'oma ndi amene manja ake amathamanga kwambiri. Kope limene ndinkalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku ndikadali nalo, ndipo pa tsamba lina pali mawu atatu okha: "Amalume andilanda timitengo."

Amalume anga, a Lameki, ankaimba ng'oma m'bandi ya pa loji ina ku Senga Bay. Zinali ng'oma zachizungu zija: yaikulu yoponda ndi phazi, yaing'ono yothetheka ngati chimanga chokazinga imene ankaitcha sineya, ndi zitsulo zonga mbale. Ine ndinapanga zanga kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango. Chigubu chinali ng'oma yaikulu, ndowa yobooka inali sineya, chivundikiro cha poto ndinachikhomera pa kamtengo. Chopondera amalume anandipangira ndi waya ndi patapata wakale.

Anandiphunzitsa kuti dzanja lamanja liziwerenga pa chitsulo mosalekeza, phazi ligwe pa imodzi ndi pa tatu, dzanja lamanzere ligwe pa wiri ndi pa nayi. Poyamba phazi likatsika, manja onse ankatsika nalo. Patapita miyezi chiwalo chilichonse chinayamba kudziwa njira yake, ndipo ine ndinayamba kudzimva. Ndinkakonda kugubuduza timitengo pa ndowa mpaka agalu a anansi kuuwa.

Chaka chomwecho achemwali anga a Esinati ankamanga ukwati. Amalume ndiwo amayenera kuimba ng'oma za kutchalitchi pa nyimbo yolowera akwati, koma ku loji anawauza kuti Loweruka limenelo kuli alendo, adzawamasula madzulo. Amalume anandiloza ine n'kunena kuti, "Tadala ayese." Usiku wake ndinalemba masamba awiri athunthu.

Tsiku loyeserera, operekeza akwati anandanda pakhomo la tchalitchi awiriawiri, achemwali kumbuyo atavala nsapato zazitali zimene anali asanazizolowere. Tinayamba bwino. Koma ng'oma zenizeni zinkakoma m'manja, ndipo sindinadziwe kuti ndikuwonjezera liwiro. Sitepe inasokonekera, atsikana anayamba kupondana, ndipo achemwali anapunthwa n'kugwira benchi.

Amalume anabwera n'kutenga timitengo m'manja mwanga. "Ukuthamangitsa ndani?" anafunsa motsitsa mawu. Woimba kiyibodi anati asavutike, m'kiyibodimo muli ng'oma zake zosalakwitsa, n'kungodina batani basi. Amalume anati tidikire masabata awiri. Ndikapanda kusintha, adzadine.

Ndinkayembekeza kuti andipatsa zoyeserera zambiri. Koma iwo anangolankhula ndi amayi, n'kundiuza kuti ndisakhudze chigubu sabata yonse. Ndikaweruka kusukulu ndizisinja mpunga.

Mpunga wa ukwati unali utabwera kuchokera ku Chinguluwe. Wambiri unapita kuchigayo, koma amayi anapatula thumba limodzi. Anandipatsa musi wanga, iwo n'kutenga wawo, mtondo umodzi. Kusinja awiri kumafuna kulandizana: wina akakweza, wina atsitse. Ine ndinatsitsa msanga. Misi inawombana, kugwedezeka kwake kunafika mpaka m'mano, mpunga n'kumwazikira pansi. Nkhuku zinathamangira.

"Iwe, nkhukuzi zakulemba ganyu?" anatero amayi.

Tinayambanso. Inawombananso. Tsiku lachiwiri manja anatuluka matuza, mankhusu ankayabwa m'khosi, ndipo ndinalira kuti zimenezi sizikukhudzana ndi ng'oma.

"Vuto lako umayang'ana musi wako," anatero amayi. "Usiye. Tamvera wangawu. Ukamva wagwa, usathamangire. Pali kamphata pamenepo, n'kanga, sikako."

Tsiku lachinayi ndinakamva kamphatako. Gu, kenako kachete, gu, kenako kachete. Ndinapeza kuti kachete kaja kali ndi utali wake, ndipo sikasintha ngakhale utatopa, ngakhale utakondwa. Tinasinja mpaka dzuwa kupendeka, misi osakhudzana. Amayi anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kwaya, ndipo fungo la mpunga watsopano linadzaza bwalo.

Sabata yachiwiri amalume anasunthira chigubu changa pafupi ndi mtondo. Amayi ankasinja okha, ine phazi langa likutsata musi wawo. Ndikangoyamba kutsogola, amalume ankakhosomola. Kugubuduza anandiletsa, kupatula kamodzi kokha pothera nyimbo.

Tsiku la ukwati kunatentha kwambiri, malata a tchalitchi akuthetheka. Manja anga ankaterera ndi thukuta. Achemwali ataonekera pakhomo, azimayi a m'tchalitchi anaimba nthungululu, ndipo mtima wanga unadumpha, phazi likufuna kudumpha nawo. Ndinaona chala cha woimba kiyibodi chili pafupi ndi batani lija. Ndiye ndinayang'ana pa benchi yakutsogolo. Amayi sankayang'ana mkwati. Ankayang'ana ine, chibakera chawo chikugwa pa bondo pang'onopang'ono. Gu. Gu. Ndinawasiyira kamphata kawo. Achemwali anayenda mpaka kuguwa osapunthwa, ndipo ndinagubuduza kamodzi kanga kaja.

Amalume anafika madzulo, akadali mu yunifolomu ya ku loji. Sanandifunse ine. Anafunsa achemwali kuti, "Kuguwa unafika bwanji?"

"Choyenda, amalume. Ng'omazo sindinazimve n'komwe."

Ndinakhumudwa, koma amalume anaseka mpaka kupukuta misozi. Anatulutsa m'thumba timitengo tawo tenitweni, tokumbika m'mphepete, n'kundipatsa. "Ndiye kuti waimba," anatero.

Tsopano ndili Folomu 4, ndipo ndimaimba ng'oma m'kwaya ya kusukulu. Amayi phewa limawavuta, mpunga wonse umapita kuchigayo, ndipo mtondo uja unang'aluka, nkhuku zimaikiramo mazira. Mawu a achemwali ndinadzawamvetsa mochedwa. Tsiku limene ndinkafuna kuti aliyense andimve, mkwati anapunthwa. Tsiku limene ndinamvera anzanga, iye anaiwala kuti pali ng'oma, anangoyenda. Ndikuyembekeza kudzaimba m'mabandi aakulu ndikamaliza sukulu. Koma mpaka lero, ndisanamenye koyamba, ndimayamba ndamva musi wa amayi ukugwa, kenako ndimadikira.