Adyo wanga wakana kugawika

Lachitatu m'mawa ndinatsikira kudimba ndi khasu paphewa, ndowa ziwiri m'manja, ndikuimba mluzu. Ndimakakumba adyo wanga. Ndowa ziwiri, abale, poopa kuti imodzi ichepa!

Dimbalo si langa. Ine ndine mkamwini kuno ku Nsaru, ndipo mabedi anayi amenewa ndinachita kupempha kwa aPhiri, atsibweni a mkazi wanga. Pondipatsa anandiuza poyera kuti: "Limani tione. Zikakanika, malowa ndipatsa adzukulu anga alimepo tomato." Anali atatumiza kale uthenga woti Loweruka abwera kudzaona zokolola.

Sindinkaopa kanthu. Mukanaona masamba ake! Obiriwira, onenepa, ofika m'mawondo. Amayi opita kuchitsime ankaima n'kumafunsa kuti ndathira chiyani, ine n'kumangoyankha modzichepetsa kwa bodza.

Khasu loyamba linatulutsa kanthu kozungulira ngati nzama. Ndinati mwina ndayambira poipa. Lachiwiri, chimodzimodzi. Ndinakumba mabedi onse anayi, thukuta lili kamukamu, koma osapeza mutu ndi umodzi womwe wogawika zidutswazidutswa monga adyo amakhalira. Timibulu tokhatokha, kalikonse kali kokha. Zonse pamodzi sizinafike ndi theka la ndowa imodzi.

Ndiulule pano, poti inu owerenga mwandizolowera. Ndinaganiza zokataya timibuluto kudzenje la zinyalala, kukwirira bwinobwino, kenako Loweruka n'kudzauza aPhiri kuti akuba anandikumbira. Bambo wa ana anayi, wa imvi m'mbali mwa makutu, kukonza bodza chifukwa cha adyo!

Ndikutuluka pampanda wa dimba ndinakumana ndi alamu anga aNabanda, akulu ake a mkazi wanga, amene amagulitsa ndiwo zamasamba pamsika. Anasuzumira m'ndowamo.

"Alamu, nzama zimenezi mukupita nazo kuti?"

"Kotaya."

"Ii, inu! Tatulani kaye ndowayo. Kodi munabzala liti?"

Ndinawauza kuti mu Julaye, nditamaliza za fodya.

"Nanga munathiramo chiyani?"

"Feteleza wobereketsa uja anatsala kuchimanga. Kawiri."

Anaseka mpaka kugwira msichi wa mpanda. "Ndiye mumalima fodya, eti? Mumafuna mukagulitse masamba kuokushoni? Adyo amafuna kuzizira, alamu. Inu mwamubzala chisanu chikutsanzika, n'kumukhutitsa feteleza kuti azingokongola kumwamba. Tiyeni kuno muone."

Ananditengera kumabedi awo, kumunsi kwa dimba. Kunena zoona, mabedi amenewo ndinkawanyoza mumtima masabata onsewa. Masamba achikasu, ofota, ena atagona pansi ngati odwala. ANabanda sanatenge n'khasu lomwe. Anazika kamtengo m'mbali mwa phando limodzi, n'kutukula.

Mayo ine!

Mutu wa adyo ngati chibakera changa. Khungu lake loyera, mizere yofiirira ikuoneka, zidutswa zitathinana m'katimo. Anauphwanya ndi zala n'kundiika m'manja. Ndinawerenga zidutswa khumi ndi ziwiri, chilichonse chonenepa kuposa kambulu kanga. Fungo lake linandilowa mpaka m'maso.

"Mbewu imeneyi munaigula kuti?" ndinafunsa.

"Kugula? Imeneyi yachokera ku timibulu ngati tanuti. Chaka chatha nanenso bedi limodzi linandichita zomwezi. Ndinatimanga m'kathumba ka anyezi, n'kutipachika kudenga la khitchini. Mu Epulo, mphepo itayamba kuzizira, ndinatibzala. Kambulu kamodzi, mutu umodzi ngati umenewu. Sikanafe aka, alamu. Kangochedwa."

Ndinakhala pansi pamzere pomwepo. Dzanja lina muli kambulu kanga konyozeka, dzanja lina muli chimutu chija, ndipo akundiuza kuti ndi chinthu chimodzi, chosiyana chaka chokha. Ndinachita mantha, abale, mantha aja amakugwira ukaona chinthu chachikulu chimene sunachiyembekezere. Ndani anakauza kambewu aka kuti nyengo yatha, usagawike, sunga zonse pamodzi udikire chisanu china? Kalibe maso, kalibe kalendala, kali mumdima pansi pa dothi, koma kanawerenga miyezi bwino kuposa ine amene ndinapita kusukulu. Ine ndimati kalephera, pamene iko kanali katapanga kale nzeru zopulumukira ku kupusa kwanga.

Ife a kuno, kuyambira ku Namitete mpaka ku Kabudula, fodya anatiphunzitsa kuyesa mlimi ndi tsamba. Tsamba likatambalala, ndiye kuti munthuyo ndi katswiri. Chizolowezi chimenechi tapita nacho ku mbewu zimene chuma chake chili pansi, ndipo sitifunsa. Alamu angawa timalima dimba limodzi, timatunga chitsime chimodzi, koma miyezi itatu yonse sindinawafunsepo kanthu. Mwamuna wolima fodya akafunse nzeru kwa mayi wogulitsa repu?

Choipa china n'chakuti zokolola zikakanika timathamangira kubisa. Timanamizira mvula, mbewu, akuba, ngakhale anansi otilodza. Nanga munthu angakuuze bwanji pamene walakwitsa ngati umboni wake waukwirira kudzenje? Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ife manyazi satilola kudekha.

Loweruka aPhiri anafikadi, njinga yawo ikulira tcheni. Ndinatulutsa ndowa ija n'kuiika patsogolo pawo. Anayang'ana m'ndowamo nthawi yaitali.

"Zonse ndi zimenezi?"

"Ndi zomwezi, atsibweni."

"Masamba onse aja?"

"Eya."

Ndinawafotokozera zonse: kuchedwa kubzala, feteleza, ndi zimene alamu anandionetsa. Kenako ndinapempha chaka china chimodzi. Mkamwini kupempha kawiri malo amodzi si chinthu chopepuka.

Anatola kambulu kamodzi, kukanunkhiza, n'kukabwezera m'ndowa mosamala ngati dzira.

"Adzukulu anga sangadikire adyo wa zaka ziwiri," anatero. "Mabedi awiri apita ku tomato. Awiriwo akhale anu mpaka tidzaone chimene chituluke. Koma timeneti musadye, mwamva? Ngakhale nyemba zisowe chokometsera."

Theka la mabedi aja landichoka, ndipo zandiwawa, sindinama. Timibulu tija tili kudenga la khitchini m'kathumba kofiira, ndipo ndauza ana kuti wokhudza adzaona chimene chinameta nkhanga mpala. M'mawa uliwonse ndimayamba ndatiyang'ana ndisanapite kumunda.

Inu amene mwakolola zochepa chaka chino, musanakwirire, mwamuonetsako ndani?