Munthu wa Nduwira Amene Anafuula "Langa"

Sunthirani kuno, ana inu, mafoniwo ayambe agona. Ndikuuzeni za ubwana wanga wachiwiri. Woyamba uja ndinauthera ku Ntcheu. Wachiwiriwu unandipeza ku Armadale, mu mzinda wa Perth kuno ku Australia, imvi zili mbuu, m'nyengo ya korona.

Mpaka lero ndikamva fungo la bulugamu ndimakumbukira nyengo imeneyo. Ndinabwera ku Perth kudzaona mwana wanga Tiyamike, ndege n'kuleka kuuluka, ine n'kukhaliratu. Kuwerenga sindidziwa, Chizungu sindimva. Munthu wotere kuno ndi khanda: pamsewu amachita kukugwira dzanja, pakhomo amachita kukuyankhira. Wondigwira dzanja anali mdzukulu wanga Chikondi, wa zaka zisanu ndi zinayi, amene Chichewa chake chinkayenda chotsimphina.

Tiyamike ankagwira ntchito kosamalira okalamba, ndipo matendawo anawatenga kumeneko. Lamulo linali lakuti tonse a m'nyumbamo tisatuluke pageti kwa sabata yathunthu. Ndinkamumva kuseri kwa chitseko, chifuwa chikulira ngati macheka. Tsiku lachiwiri ndinalephera kupirira. Ndinazemba m'mamawa, kuwoloka msewu, kukathyola masamba a bulugamu, kuti ndiwiritse, mwanayo afunde bulangete akoke nthunzi monga tichitira kwathu. Pobwerera ndinaona katani ya nyumba yoyandikana nayo ikugwedera. Ndinati basi, andiona.

Masana ake vani yoyera inaima pageti. Ndinasuzumira pazenera. Munatuluka munthu wamtali, nduwira yabuluu kumutu, ndevu zikusefukira pansi pa masiki, chibangili chachitsulo padzanja. Atawerama kutula katoni pakhonde, ndinaona mpeni wopindika uli m'chimake, m'chiuno. Anagogoda, kubwerera m'mbuyo, n'kufuula kuti, "Langa! Langa!"

 Chizungu chonse chinkandidutsa ngati mphepo, koma ili linali liwu la kwathu. Boma landipeza, latuma wa mpeni kudzandilanga. Ndinadziona ndili m'ndege, Tiyamike akubanika yekha, Chikondi akulira pazenera. Ndinakwawa mpaka kukhitchini, masamba otsala n'kuwabisa mu uvuni. Katoniyo sindinaikhudze. Ndinati muli makalata a mlandu, ndipo kuinyamula ndiko kuvomera. Sindinauze munthu. Galimoto iliyonse ikadutsa ndinkasuzumira pazenera, ndipo phala limene ndinakonzera wodwalayo linabwerera osalawa.

M'mawa mwake vani ija, iyo! Chikondi anandipeza nditadzipanikiza pakati pa firiji ndi khoma.

"Agogo, mukutani pamenepo?"

"Khala chete, iwe! Wabweranso wolanga uja."

Mwanayo anasuzumira, n'kuphulika chiseko mpaka kukhala pansi. "Agogo inu! Ameneyo ndi Msikhi. Tinaphunzira kusukulu!"

Anandikokera patebulo, kutsegula laputopu, n'kundikhazika ngati wa sitandade wani. Analoza chithunzi chimodzichimodzi, mawu akamuthera n'kumalizira ndi manja. Anati anthuwa amapembedza Mulungu mmodzi. Tsitsi sameta chifukwa ndi mphatso ya Mulunguyo, n'chifukwa chake amalisunga mwaulemu m'nduwira. Chibangili chilibe poyambira ndi pothera, monga Mulungu. Nanga mpeniwo? Ndinafunsa kawiri. Anati si woopsezera munthu, ndi lonjezo loti adzatchinjiriza wofooka. Kenaka anandionetsa anthu atakhala pansi m'mizere, bwana ndi wosesa phewa ndi phewa, akudya za mphika umodzi. Aliyense wolowa amadya, safunsidwa mpingo kapena mtundu.

"Chakudya chimenecho ndiye langa, Agogo. Ndi dzina lake."

Apo liwu losasa la Tiyamike linatuluka kuchipinda. "Amayi! Anthuwo ndinawapempha ndine pafoni. Ine kudabwa kuti bwanji sakubwera!"

Ndinatsegula chitseko. Katoni ya dzulo inali itasasa padzuwa, ndipo manyazi ake sanandichoke. Ya tsikulo inali yofunda: mphodza zonunkhira anyezi ndi jinja, mpunga, machapati okulunga bwinobwino. Tiyamike anadya mbale yonse, koyamba chidwalireni. Tsiku lotsatira ndinamudikira bamboyo pazenera. Ndinagwada, kuwomba m'manja. Iye anaphatikiza zikhatho pachifuwa n'kuwerama, maso akuseka pamwamba pa masiki.

Tiyamike anachira, akadali kwa okalamba ake. Chikondi ali ku sekondale, ndipo akafuna kundiputa amagogoda patebulo n'kufuula liwu lija. Masamba a mu uvuni tinawaiwala, anadzatikumbutsa okha ndi utsi tsiku lophika keke. Wogwedeza katani uja anali mphaka. Bambo wa nduwira ndinakamupeza kunyumba yawo yopemphereramo, akutsuka miphika. Ndinavula nsapato, kumanga duku, n'kukhala pansi kusenda anyezi ndi amayi a kumeneko, popanda liwu limodzi lomvana.

Khanda lija la kuseri kwa firiji linkadziwa kulanga kumodzi, kwa chikwapu. Gogo amene mukumuonayu anakumbuka mochedwa kuti kwathu kuli kulanga kwinanso, kuja amakukhazika pansi anamkungwi n'kukutsegula makutu. Ine ndalanga anamwali ambiri ku Ntcheu. Koma wondilanga ine anali wa zaka zisanu ndi zinayi, mano akutsogolo asanakwane n'komwe.