Timapepala ta Pansi pa Zithunzi

Anthu a mumsewu wawo ankangowatchula kuti a Mafelemu, ndipo dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso pokha. Shopu yawo inali kachipinda kopanikizika pakati pa malo ometera ndi sitolo ya mankhwala, kodzaza fungo la guluu ndi utuchi. M'menemo munkalowa zithunzi zaukwati, masatifiketi ndi nkhope za anthu amene anatisiya, ndipo zonse zinkatuluka zitavala matabwa ndi galasi. Ntchitoyi anaiphunzira kwa kalipentala wina waukali, amene ankati ngodya ya felemu saiyesa ndi maso koma ndi chala chachikulu. Chala chikangomva mpata, phwasula, yambiranso. Anagwira ntchito choncho zaka makumi anayi ndi zisanu, ndipo kasitomala wothamanga magazi ankamuuza pamaso kuti akayese kwina.

Akazi awo anakumana nawo pa shopu pomwepo. Nthawi imeneyo anali mtsikana wosita zovala ku hotela, ndipo anabwera ndi chithunzi chong'ambika cha mayi awo atachikulunga m'mpango. Felemu ya tsiku limodzi inatenga milungu itatu, ndipo aliyense mumsewumo ankadziwa chifukwa chake. Akazi awowa sukulu anailekeza panjira. Kuwerenga ankatha, koma mochedwa, moloza liwu lililonse ndi chala, ndipo pagulu sankayerekeza n'komwe. Choncho chikwatiranireni, wowerenga m'banjamo anali bambo: makalata, mapepala a mankhwala, malipoti a ana akusukulu. Ana anabadwa atatu, anakula, n'kumwazikana. Wotsala pafupi anali wamkazi womaliza, namwino, amene ankakhala kutsidya lina la tauni.

Loweruka lawo silinkasintha. M'mawa ankakhala kudimba, kamalo kakuseri kwa nyumba koti munthu akayetsemula mbali ino, wa mbali inayo amamva mphepo. Bambo ankakumba ndi kuwongola mabedi ndi chingwe, ngati kuti kaloti angakane kumera pa mzere wokhota. Mayi ankadzala, kuzulira ndi kulongolola. Dzuwa likafika pamutu ankasamba, kuvala zabwino, n'kukwera basi kupita ku holo yoonetsera zithunzi zojambula pamanja.

Chizolowezi chimenechi chinayamba ngati ntchito. Ojambula ankabweretsa zithunzi zawo ku shopu, ndiye a Mafelemu ankapita kukaona ngati zapachikidwa bwino. Anthu ena onse ankaima patsogolo pa chithunzi, koma iwo ankaima chakumbali, khosi litapendekeka, kusuzumira ngodya.

"Anzanu akuona ng'ombe, inu mukuona thabwa," ankatero akazi awo.

Akakhutira ndi thabwalo ankawerama n'kuwerenga kapepala ka pansi pa chithunzi: dzina la chithunzi, wojambula, chaka. Ankawerenga ndi mawu okuya, osathamanga, ndipo akamaliza mayi ankagamula mlandu. "Ameneyu mwana sanamunyamulepo," ankatha kutero. Kapena, "Mtengo uwu ndi wabodza, koma mthunzi wake ndi weniweni." Ana anakulira m'menemo, akudandaula njala ndi nsapato zothina. Iwo atachoka, awiriwa anapitiriza okha.

Lamulungu masana linali la anzawo. Anali mabanja atatu: iwo, a Telala ndi akazi awo, a Dalaivala ndi akazi awo, ndipo ankalandirana mosinthana. Chifukwa chosangalalira sichinkasowa. Likapanda tsiku lobadwa, ndiye kuti mdzukulu wa wina wamera dzino, ndipo zonse zikavuta ankakondwerera kuti galimoto ya a Dalaivala yatha mlungu wathunthu osakankhidwa.

Vuto la maso linayamba mwakachetechete. Thabwa lowongoka linayamba kuoneka lopindika pakati, ndipo a Mafelemu anakalalatira wogulitsa matabwa popanda chifukwa. Kenako pakati pa chilichonse chimene ankayang'ana panabwera banga lotuwa, ngati chala chamafuta chadinda pagalasi. Anapita okha kuchipatala, n'kusankha chakutali ndi kumene mwana wawo ankagwira ntchito. Dokotala anawauza mosapsatira kuti si ng'ala yoti n'kuchotsa. Bangalo lidzakula pang'onopang'ono, chatayika sichibwerera, koma zam'mbali azidzazionabe. Potuluka anaseka okha pakhomo, kuseka kowawa. Munthu amene moyo wake wonse ankanyozedwa kuti amaona felemu osaona chithunzi, tsopano anatsala ndi felemu yokhayo.

Sanauze munthu. Si mdima umene ankauopa. Bambo awo anachita khungu atakalamba, ndipo achibale, mwachikondi ndithu, anawaikira mpando pakhonde. Kuyambira tsiku limenelo anthu anasiya kulankhula nawo, n'kuyamba kulankhula za iwo. Mlendo ankafika, n'kufunsa wina kuti, "Kodi agona bwanji? Adya?" eni ake ali pomwepo, makutu ali bwinobwino. Anakhala pampando umenewo zaka zisanu ndi zitatu. A Mafelemu ankakumbukira kuti nawonso tsiku lina anafunsa funso lomwelo, akudutsa pafupi ndi mawondo a bambo awo, ndipo manyazi ake sanawachoke mpaka ukalamba. Ankadziwa kuti akangoulula, sowo alandidwa, khasu alandidwa, basi ya Loweruka itha, ndipo onse adzachita zimenezo chifukwa chowakonda.

Ku shopu chala chinawapulumutsa, poti ndicho chinkagwira ntchito kuyambira kale. Kudimba anasiya kuzulira, n'kunamizira msana. Kalata ikabwera, ankati magalasi a maso aiwalika ku shopu. Chovuta chinali timapepala ta ku holo. Pamenepo bodza la magalasi silikanagwira Loweruka lililonse.

Ndiye anapeza njira yawoyawo. Zithunzi za mu holo zinkasinthidwa kamodzi pamwezi. Lachisanu la mlungu umene zasinthidwa, ankatseka shopu masana n'kupita okha. Mlonda wa pamenepo, bambo wamkulu wosalankhulalankhula, ankayenda nawo kuyambira pakhomo kutsata khoma lakumanzere, akuwawerengera kapepala kalikonse kawiri. Iwo ankaloweza motsatana: choyamba, chachiwiri, chachitatu, mpaka kuzungulira chipinda. M'basi ankabwereza chamumtima, milomo ikugwedezeka ngati wopemphera. Mawa lake ankawerama pa kapepala kalikonse n'kunena zimene analoweza. Chaka chathunthu chinatha choncho, ndipo kunena zoona ankadzitama nazo mumtima.

Loweruka limene zinawonongeka linayamba bwino. Anathirira anyezi, anamangira tomato ku timitengo, mayi anawadzudzula kuti aponda maluwa. Ku holo anapeza mlonda wina, wawo uja ali pa tchuthi. Chimene sanadziwe n'chakuti Lachisanu madzulo, iwo atachoka, chithunzi chachinayi chinachotsedwa chifukwa galasi lake linasweka, ndipo ogwira ntchito anangosendeza zotsalazo kuti atseke mpata.

Zitatu zoyamba zinayenda bwino. Pa chachinayi anawerama n'kunena molimba mtima kuti, "Mayi akusambitsa mwana." Akazi awo sanayankhe. Anasendera pa chotsatira. "Basi yam'mawa." Zii. Anaganiza kuti mwina zithunzi za mwezi uno sizinawagwire mtima, ndipo anapitiriza, akutchula ojambula ndi zaka mosaphonya, khoma lonse mpaka kumapeto. Atafika pakona anatsala ndi dzina limodzi m'mutu. Anawerama kuti alinene, koma patsogolo pawo panalibe felemu. Panali chitseko chotulukira pakabuka moto.

Anaima pomwepo, akuwerengera chobwerera m'mbuyo, ndipo anamvetsa kuti pa zithunzi zisanu ndi zitatu akhala akutchula dzina la china ataima pa china, mkazi wawo ali pambali akuonerera.

"Tiyeni kunyumba," anatero mayi. "Miyendo yatopa."

M'basi sanalankhulane. Kunyumba mayi anaphika, anadya, anatsuka mbale, ndipo nkhaniyo sanaiyambe. A Mafelemu ankadikira funso ngati munthu wodikira jekeseni, koma silinabwere.

Lamulungu kunali kwa a Telala, amene ankakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri. Anatulutsa tebulo pansi pa mtengo, panali mpunga, nkhuku ndi keke yopendekeka imene akazi a a Dalaivala anaumirira kuti inapendekera m'galimoto. Atadya, a Telala anatulutsa envulopu m'thumba la malaya. Inali kalata yochokera kwa mwana wawo wamwamuna, amene ankagwira ntchito kunja ndipo anali asanabwere zaka zinayi.

"Achimwene, ntchito yanu iyi," anatero a Telala, akuika kalatayo m'manja mwa a Mafelemu. "Ine ndikawerenga ndilira, ndipo a Dalaivala amawerenga ngati akuthawa apolisi."

Onse anaseka, kenako anakhala chete kudikira. A Mafelemu anatambasula pepalalo. Ankaona m'mphepete mwake, ankaona zala zawo mbali zonse ziwiri, koma pakati panali phulusa lokhalokha. Bodza la magalasi linali pamlomo, lokonzeka kale. Koma pambali pawo panali mayi, ali duu, ndipo kunama pamaso pa munthu amene akudziwa kale kunawakanika. Anapinda kalatayo bwinobwino n'kuiika patebulo.

"Sindingathe," anatero. "Maso anga akutha. Zilembo sindikuziona."

Wina anaika kapu pansi. Kenako akazi a a Dalaivala, munthu wamtima wabwino amene pakamwa pake pamathamanga kuposa mutu, anatembenukira kwa mayi n'kutsitsa mawu.

"Kodi zawayamba liti? Nanga akuchipatala akuti chiyani?"

Apo ndiye a Mafelemu anamva kuti chimene ankachiopa chija chafika, ndipo sichinatenge ngakhale mphindi imodzi. Anagwetsa nkhope.

"Afunseni eni ake," anayankha mayi, mawu ali owuma. "Si awa ali apawa? Makutu ali nawo, pakamwa ali napo. Ine ndikumva lero limodzi ndi inu."

Akazi a a Dalaivala anachita manyazi, anapepesa, n'kufunsanso funsolo kwa mwini wake. A Mafelemu anafotokoza zonse, za thabwa lopindika, za dokotala, za banga. A Telala anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati mafelemu awo atatu amene ali ku shopu akuwafunabe Lachinayi, ndipo maso si chifukwa. Kalata anawerenga a Dalaivala, mothamanga monga mwa nthawi zonse, ndipo a Telala analira ndithu.

Anabwerera wapansi dzuwa lidakalipo. Mayi ankayenda patsogolo, mofulumira, chikwama atachipana m'khwapa. A Mafelemu ankawadziwa mayendedwe amenewo. Mayi anali atawateteza pagulu, koma mlandu unali usanathe. Pafupi ndi mpanda wa sukulu mayi anaima.

"Maina aja mumawatenga kuti?"

"Mlonda amandiwerengera Lachisanu. Ndimaloweza."

"Kuyambira liti?"

"Chaka chatha."

"Mlonda," anatero mayi. "Mlonda munamuuza. Ine amene ndimakuchapirani malaya, ayi."

"Ndimaopa, mayi. Munawaona bambo anga mmene anathera."

"Ndinawaona. Amene ankakhala nawo pansi n'kumacheza nawo anali ndani? Si ine?"

Zinali zoona, ndipo a Mafelemu anali ataiwala.

"Mukudziwa chimene ndakhala ndikuganiza chaka chonsechi?" anafunsa mayi. "Ndikamalankhula nanu, inu maso kumbali. Patebulo, maso kukhoma. Kudimba, maso kumpanda. Lachisanu shopu yotseka, munthu osadziwika kumene ali. Ndinkati bambowa atopa nane, nkhope yangayi yawakwana. Ndalira kubafa kangati, inu osadziwa."

Pa zonse zimene a Mafelemu anakonzekera, pa mabodza onse amene anawayeza ndi kuwapala bwino, ichi sanachiganizireko ngakhale kamodzi.

"Ndikakuyang'anani maso ndi maso, simuoneka," anatero pang'onopang'ono. "Pamakhala banga pamene pali nkhope yanu. Koma ndikayang'ana pambali panu, ndimakuonaniko pang'ono. Kukhoma kuja ndimayang'ana inu."

Njinga inadutsa, wokwerapo akuimba belu kuti apatuke, koma palibe anasuntha. Kenako mayi anaika chikwama pansi, pafumbi pomwepo, n'kuima mowongoka patsogolo pa amuna awo.

"Chabwino," anatero. "Yang'anani kumbaliko."

A Mafelemu anatembenuza maso n'kuyang'ana mpanda wa sukulu. Chakumphepete kwa diso lamanzere anaona mpango, tsaya, ndi dzanja likupukuta misozi. Anayang'ana mpandawo nthawi yaitali, ndipo mayi anadikira osasuntha mpaka iwo atamaliza.