Besi ya Atate m'Sipika ya Kumanzere

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene atate anamwalira ndi chifuwa, tikukhala ku Wusakile, komboni ya kumgodi. Anali munthu wa magetsi, ndipo ku tchalitchi ankaimba besi. Kunyumba sankakhala chete. Kaya akumeta ndevu, kaya akuwotcherera mawaya, ankang'ung'udza pansipansi, mmmm, mpaka amayi kuwakalipira.

Anasiya kabokosi kachitsulo kopanga okha. Ankakatcha kompuresa, osati ija ya mphepo ya kumgodi ayi, aka kanali ka mawu. Kankakhala pakati pa makina a kaseti ndi ampu yokuzira mawu, ntchito yake kutsitsa mawu okuwa ndi kukweza ofooka, kuti nyimbo za kwaya zimene ankajambula zizimveka bwino m'masipika onse awiri.

Pa maliro azimayi anatulutsa katundu yense m'chipinda chochezera, monga timachitira, kuti olira apeze pokhala. Anthu atabalalika tinabwezera zonse, ine nkulumikiza mawaya mmene ndinkaonera atate. Amayi anapempha kaseti ya kwaya.

Nyimbo inayamba, koma sipika ya kumanzere inkamveka ngati ili kwa aneba. Itatha, kunali zii. Kenako m'sipika yomweyo munayamba kutuluka mawu. Mmmm. Okhuthala, a pansi, akukula pang'onopang'ono ngati munthu amene akuyandikira pakhomo. Nyimbo yachiwiri itayamba, anabwerera. Itatha, anabweranso.

Unali usana, malata akuthetheka ndi dzuwa. Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse.

"Usawazimitse," anatero amayi. "Amadikira anzawo amalize."

Kuchokera tsiku limenelo amayi anasiya kupita kumsika kumene ankagulitsa kapenta. Ankakhala pansi, khutu pafupi ndi sipika, kaseti ataiimitsa. Chakudya ankangochitosa. Nthawi zina ndinkawamva akuyankha atate kuti, "Ndamva, aPhiri." Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anasuzumira tsiku lina, nkunena m'chilankhulo chakwawo kuti "Awe mukwai, izi ayi," nkubwerera chafutambuyo. Achibale a atate anayamba kukambirana zoti amayi mutu wawasokonekera, awatengere kumudzi ku Katete, ife ana atigawane.

Ine mtima wapachala ndinabadwa nawo. Ndinatenga hamala. Mwayi wake, malume Sitefano, mlongo wawo wa amayi amene ankakonza mawailesi ku Lubuto, anali atangotsika minibasi, ndipo tinakumana pakhomo.

"Iwe mwaice, mwana iwe, ukukapha ndani?"

"Chinthu chija chikudya amayi!"

"Ukachiphwanya adzati wathamangitsa atate ako. Ndiye udzawauza chiyani? Ika pansi, chitsiru."

Analowa nkukhala pansi pambali pa amayi. Anamvetsera nawo nthawi yaitali. Ndinaona ubweya wa pamikono yawo utaima.

"Akufananadi," anatero pomaliza. "Alamu anali ndi besi. Alongo, mundilole ndione kumene akulowera."

Amayi sanakane. Malume anazula waya mmodzi, nkumvetsera, nkumubwezera. Wina, chimodzimodzi. Atachotsa makina a kaseti, mawu anakhalabe. Atachotsa kabokosi, anatha. Pulagi ya kumanzere anaipeza itapindika, mwina potulutsa katundu paja, kawaya kam'kati kakulendewera pa ulusi umodzi. Anawotcherera, fungo la mtovu nkudzaza m'nyumba ngati atate alimo. Sipika ya kumanzere inafanana ndi inzake. Koma nyimbo itatha, mmmm uja anabwera, tsopano mbali zonse ziwiri.

Amayi anamwetulira. Kumwetulira kumeneko sindifuna kudzakuonanso.

Malume anakhudza chitsulo cha kabokosi ndi kumbuyo kwa chala, mawu nkusintha. Anakatembenuza. Pa sikuluu ya kumbuyo panali kachidutswa ka waya wa kopa, kodulidwa ndi mpeni.

"Uyu ankapita kuti?"

Ndinakumbukira. Ankatulukira pawindo nkukamangidwa ku paipi ya pompi panja. Pa maliro, azibambo anasowa chingwe chomangira tenti, nkumudula. Wayayo anali akadali pa mtengo wa mango, atazengezedwa.

"Kabokosi aka ndi kopusa," anandiuza malume, koma mokweza kuti amayi amve. "Anthu akakhala chete kamafunafuna chofooka choti kakweze. Kapeza kulira kwa magetsi. Waya uja ndi amene ankakutayira m'nthaka."

Nditakamutenga wayayo, malume analumikiza mbali imodzi ku sikuluu. Mbali inayo sanamange. Anatulutsa amayi panja nkuwagwiritsa nsonga yake m'manja.

"Gunditsani pa paipi, alongo."

Anagunditsa. Zii. Anachotsa. Mmmm, kutulukira pawindo. Anagunditsanso. Anachotsanso. Ine ndinkafuna kukuwa kuti basi, koma malume anandifinya phewa mpaka kupweteka. Kenako amayi anaima chiimire, waya ali m'malere pafupi ndi paipi, akumvetsera, dzuwa likuwaotcha pamutu popanda duku. Sindikudziwa anaima nthawi yaitali bwanji.

"Manga, Sitefano," anatero.

Anakhala pansi m'matope a pa pompi nkulira kulira kumene sanalire ngakhale kumanda. Madzulo ake anadya. Sabata yotsatira anabwerera kumsika, ndipo za ku Katete sizinamvekenso.

Lero ndimalumikiza zokuzira mawu m'matchalitchi ndi m'maukwati kuno ku Ndola, ndipo kukalipa sindinasiye, funsani aliyense. Koma chimene malume anachita ndinadzachimvetsa nditakula. Vuto analipeza msanga, ndipo akanatha kumanga wayayo okha nkukakwera minibasi. Amayi akanakhalabe pafupi ndi sipika yachete, kudikira. Munthu amene wagwira chinthu chotero sumulanda, ngakhale uli ndi choonadi chonse m'manja. Umamupatsa nsonga ya waya, nkuima pambali, nkutseka pakamwa mpaka anene yekha kuti manga.