Kanyumba ka phula pa pikapu ya bambo

Fungo la phula lotentha limandibwezabe ku Lifuwu. Akamakonza msewu kuno ku tauni ndimatseka mawindo, mwana wanga n'kumupanikiza pachifuwa mpaka alire, ndipo bambo ake amandifunsa chimene chandigwira. Sindinawauzepo bwinobwino.

Ndinali mu Sitandade 3, nyengo ya mwera, pamene bambo anaganiza zomangitsa kanyumba koika kumbuyo kwa galimoto. Galimotoyo anali asanagule n'komwe. Ntchito yawo inali yogula usipa ndi utaka kwa asodzi ochokera ku chilumba cha Mbenji, ndipo poti mabwato analibe nthawi yofikira, ankagona pamchenga, udzudzu ukuwadya, akuba akuzungulira madengu. Ankafuna pogona pokhoma, poyenda napo.

Ntchito yomanga kanyumbako anaipatsa a Che Saidi, mmisiri wa mabwato. Mkuluyu sankadziwa kukhoma kanthu kopepuka. Anatenga matabwa ochindikala a mlombwa, mipata anatseka ndi thonje, pamwamba n'kuthira phula, monga amachitira kuti bwato lisalowe madzi. Zenera anaika limodzi, longokwana mutu wa mwana. Ine ndinkakhala pa chitsa kuonerera phula likuwira m'chitini, utsi wake ukundiyabwa pakhosi. "Wallahi," anatero atamaliza, akumenya khoma ndi chibakera, "mvuu ikagunda apa, ibwerera ikulira mutu." Amuna amene anakasuntha anatuluka mitsempha m'khosi.

Kenaka tinapita ku boma ku Salima kukasankha galimoto, ine, mayi ndi bambo. Pa galaja ina kuseri kwa msika panali ziwiri zogulitsa. Ina inali yaikulu, yobiriwira, yoperepeseka, imene inkanyamula matumba a mpunga. Kumbuyo kwake kunali kotukuka, masipuling'i ake osanjikizana ngati nkhuni. Inayo inali yaing'ono, yoyera mbee, yonunkhira sopo. Mayi anagwada n'kusuzumira pansi pa zonse ziwiri.

"Bambo a Esinati, iyi ikhala pansi ngati bakha. Tengani yaikuluyo."

Bambo anayang'ana ku geti ya msika, kumene anyamata a malaya ofiira ankaimitsa anthu kufunsa makhadi a chipani. "Yaikuluyo, ngakhale tiigule, si yathu," anayankha chapansipansi. Mayi sanamve kapena sanafune kumva. Anakweza mawu, akufunsa kuti ikhala ya yani nanga, ndani angatilande chathu. Bambo anawawomba khofi. Duku lawo linagwera mu oyilo wakuda, ndipo ndine ndinalitola. Ndinali ndisanaonepo dzanja la bambo pa nkhope ya mayi. Tinabwerera kunyumba pa yoyerayo.

Atakamanga kanyumbako ndi mabawuti, kumbuyo kunatsika mpaka matayala kutsala pang'ono kukhula chitsulo, kutsogolo kunakwera ngati galu wonunkhiza mphepo. Ana ankaithamangira akukuwa kuti bwato lapamtunda. Bambo ankayendetsa pang'onopang'ono, pa dzenje lililonse akuluma mano, ndipo kwa kanthawi zinkatheka.

Loweruka lina m'mawa ndinali nawo, tikuchokera kunyanja ndi madengu a usipa. Mayi anali atalawirira ndi amayi anzawo, atavala nsalu za chipani, kukadikira lole yowatengera ku Khombedza kukavina pa msonkhano. Loleyo siinabwere. Tinawapeza atakhala padzuwa pa mphambano ya msewu wodutsa m'minda ya mpunga, chipika chitapingasa msewu, anyamata ofiira aja ataima ndi ndodo.

"Madala, Mulungu wakutumani," anatero mkulu wawo, mnyamata wamng'ono woti n'kukhala mwana wa bambo. "Amayiwa akuchedwa."

Bambo anatsika, chipewa chili m'manja. "Achimwene, taonani matayalawa. Kanyumba kokhaka kaikwana kale. Siinganyamule anthu."

Ndodo inawapeza pakamwa asanamalize. Anagwa chogwada, enawo n'kuwaunjikira, nsapato m'nthiti, ndodo kumsana. Magazi ankagwera m'fumbi n'kuundana timibulu. Mayi anathamangira, wina anawakankha ndi chigongono. Anyamatawo anatulutsa usipa m'kanyumba n'kuutaya mumsewu. Amayi aja anawalowetsa m'kanyumba mmodzimmodzi, mochita kukankha ndi phewa, mayi anga pomaliza, ndipo chitseko chitavuta kutsekeka anachikhoma ndi loko wakunja. Anyamata ena anakwera padenga n'kuyambitsa nyimbo.

Bambo anayendetsa diso limodzi litatupa, magazi akudontha pa chiwongolero. Ine ndinali pakati, ndodo ya mkulu uja itagona pa maondo anga. Kumbuyo ndinkamva matayala akulira pokhula, ndiponso fungo la labala wopserera. Pa kamlatho ka ngalande yothirira mpunga panamveka phokoso ngati mfuti. Kumbuyo kunagwera kumanzere, ndipo galimoto inapendekeka pang'onopang'ono, ngati munthu wofuna kugona, n'kugwera m'madzi.

Sindikumbukira amene ananditulutsa. Ndikukumbukira kulira kwa m'kati mwa kanyumbako, kotsekeka, ngati kochokera pansi pa nthaka. Chitseko chinali chitakanirira m'dothi la m'mbali mwa ngalande. Zenera lija ndilo linali pansi, ndipo madzi ankalowera pamenepo. Thabwa ndi limodzi lomwe silinasunthe. Bambo ankakanda phula ndi zikhadabo, akuitana, "Amake Esinati! Amake Esinati!" Alimi anathamanga kuchokera m'minda ndi makasu ndi nkhwangwa, koma nkhwangwa zinkangodumpha pa mlombwa. A Che Saidi sananame.

Atalimbana nako kwa nthawi yaitali, anaboola padenga. Amayi ankatuluka ali matope okhaokha, akusanza madzi. Mkono wa mayi unali utapindika pamalo popanda mfundo. A Nasibeko, amene ankatigulitsa zitumbuwa pa geti ya sukulu, ndiwo anali pansi penipeni pa zenera. Anawagoneka pa mlambala wa munda n'kuwafunditsa nsalu yawo yomweyo. Anyamata aja anagwira bambo, akuti anachitira dala, n'kuwamenyanso pamaso pa malirowo, kenaka anawatenga. Bambo anabwerera mvula yoyamba itagwa, opanda mano akutsogolo, ndipo sanagwirenso chiwongolero.

Ndinakula ndikudana nawo chamumtima. Ndinkati anakonda penti yoyera kuposa ife, ndipo anamenya mayi chifukwa chonena zoona. Ndili ku koleji, bambo atamwalira, mayi anandiuza akusankha mpunga kuti masiku amenewo galimoto iliyonse yaikulu ya m'dera lathu inkagona ku misonkhano, petulo ali wa mwini wake, wodandaula n'kusowa. Bambo ankadziwa bwino lomwe galimoto imene ikananyamula kanyumbako. Anasankha yofooka kuti anyamatawo akaiona itakhala pansi aziisiya idutse.

Khofi lija sindinalikhululukebe. Koma lero ndikamakwera matola, mwana ali kumsana, ndimayamba ndagwada kusuzumira masipuling'i, ndipo otolera ndalama amaseka, "Mayi, mwataya chiyani?" Ndili mwana ndinkaganiza kuti pa galaja paja panali galimoto yoyenera ndi yosayenera. Tsopano ndimaona bambo ataima pakati pa ziwirizo, maso ali ku geti ya msika, akufunafuna imene ikanatifikitsa tonse kunyumba.