Mdala wa Kathirakitala ndi Fyuluta Yake

Ku Kaomba kuli mdala wina, mlimi wa fodya, amene kathirakitala kake kofiira amakasamala kuposa mawondo ake. Fyuluta yosefera oyilo ikatha, yodula ija saifuna n'komwe. Amati pa yodulayo munthu amangolipira katoni yake. Iye amasaka yotchipa m'mashopu a pa Boma, yakale ili m'manja. "Nambala za pafyuluta ndi za ana asukulu," amatero. "Ine ndimayeza ndi maso."

Chaka chatha mitambo inayamba kuda munda wake usanalimidwe, fyuluta nayo itatha. Mdala anatola mofulumira phukusi lanyuzipepala pawindo, uyo pa Boma. Atalowa mushopu analiika pakauntala monyadira.

"Mayi, ndipatseni mnzake wa ameneyu."

Mayi wogulitsayo anamasula phukusilo, nayang'anitsitsa.

"Bambo, golosale ndi khomo linalo. Ichi n'chitini cha mchere."

Mdala anaimbira foni mkazi wake, yemwe anaipeza fyuluta ili phee pawindo pomwepo, nawerenga nambala mokweza, shopu yonse ikumva. Yatsopano inapezeka, ndipo madzulo omwewo kathirakitala kanalira.

Mkazi wake anadikira kuti injini izime.

"Kalira, abambo, tamva tonse. Nanga mchere wanga uli kuti? Ndiwo zili pamoto."